Tifunseni: Malumo Akale a ku France

Mwezi uno tatenga makalata a owerenga amene akusonkhanitsa malumo akale ometera ndevu, aja opinda ngati mpeni, amene Afalansa amawatcha coupe-chou. Kuti timvane, tikati khosi tikunena kachitsulo kosathwa kamene mumagwira ndi zala pometa. Mchira ndi kaja kokhota kotulukira kuseri kwa msomali umene lumo limapindikirapo, msana ndi mbali yonenepa yoyang'anizana ndi kothwa, ndipo chogwirira ndi mbali ziwiri zija zimene lumo limabisalamo mukalipinda.

Funso: Ndinagula lumo pamsika wa zinthu zakale ku Lille. Pakhosi pake palembedwa Acier Fondu, koma dzina lapansi pake linafufutika. Ndiye kuti ndi la ku France?

Yankho: Likhoza kukhala, bambo, koma mawu awiriwo paokha sakutsimikiza kanthu. Acier fondu ndi chitsulo chosungunulidwa m'miphika yadongo, luso limene Benjamin Huntsman anatulukira ku England m'zaka za m'ma 1740. Osula a ku Sheffield poyamba anachikana kuti n'cholimba kwambiri, ndipo amene anayamba kuchigula mwaunyinji anali Afalansa. Pambuyo pake Angerezi nawo ankadinda mawu omwewa pa malumo awo. Ku Solingen, m'dziko la Germany, ankalembanso Chifalansa pa malumo opita kumisika ya ku France ndi Belgium. Ndiye palinso malumo a Jacques LeCoultre olembedwa au Sentier, amene ambiri amawayesa a ku France pomwe ndi a ku Switzerland.

Chofunika kupeza ndi dzina la tauni. Thiers ndiye amaoneka kawirikawiri, kenako Paris, Nogent, Langres ndi Châtellerault. Chenjerani pamenepanso, chifukwa sitolo zambiri zogulitsa mipeni zinkaitanitsa malumo kwa osula n'kudinditsapo dzina la mwini sitolo ndi tauni yake. Lumo lolembedwa dzina la katauni kosadziwika ndi kusula nthawi zambiri likukuuzani kumene linagulitsidwa, osati kumene linasulidwa.

Dzina lofufutikalo musalikhule ndi sandipepa, mungalimalize. Pukutani khosi ndi kansalu kodontheza mafuta pang'ono, lowani m'chipinda chamdima, muunike ndi tochi cham'mbali, kuwala kukhale ngati kukukwawa pachitsulo. Zilembo zimene masana sizioneka zimatulutsa timithunzi m'mphepete mwake. Yang'anani ndi galasi lokulitsa kakhumi, mbali zonse ziwiri za khosi, mpaka pansi pa chogwirira pafupi ndi msomali pamene dzanja silinkafikapo. Muthanso kujambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho.

Siyanitsaninso zolemba zamitundu iwiri. Chidindo cha pakhosi chinamenyedwa chitsulo chisanaumitsidwe, n'chakuya, ndipo ndicho chimanena za wosula. Zolemba zamaluwamaluwa za pamimba pa lumo anazilemba ndi asidi pomaliza, ndipo zambiri ndi zokopa ogula. Évidé ndi lumo logobedwa m'mbali kuti lipyapyale, demi-évidé ndi logobedwa pang'ono, évidé sonnant ndi lopyapyala mwakuti limalira pometa. Déposé akunena kuti chizindikirocho chinalembetsedwa kuboma. Pour barbe dure, kutanthauza la ndevu zolimba, ndi mawu amalonda basi.

Funso: Ndimaona malumo ena alembedwa Thiers, ena Thiers-Issard, ena Le Grelot. Kodi ndi kampani imodzi?

Yankho: Ayi. Thiers ndi tauni ya m'chigawo cha Puy-de-Dôme ku Auvergne, likulu la osula mipeni m'dziko la France. Inakula chifukwa cha mtsinje wa Durolle, umene mathithi ake ankazunguza miyala yonolera. Onola a kumeneko, otchedwa émouleurs, ankagwira ntchito atagona chafufumimba pathabwa pamwamba pa mwala wozungulira, manja ali m'madzi ozizira, galu atagona pamiyendo pawo kuti aziwafunditsa. Ku Musée de la Coutellerie, nyumba yosungira mbiri ya ntchitoyi m'tauni momwemo, amaonetsa kagwiridwe kameneka. Mabanja osula anali ochuluka, aliyense ndi chizindikiro chake, kaya kanyama, kachida kapena nambala. Choncho liwu loti Thiers palokha likungotchula malo.

Thiers-Issard ndi kampani imene Pierre Thiers anayambitsa mu 1884. Dzina lake linangofanana ndi la tauniyo, ndipo Issard ndi dzina la kubanja kwa akazi ake. Kampaniyi ikupangabe malumo mpaka lero, ndipo imadziwika ndi kutenthetsa chitsulo mu mtovu wosungunuka isanachiumitse, poti mtovu umafikitsa kutentha mofanana pachitsulo chonse. Pakhosi pa malumo ake ambiri mupezapo nambala 69. Ena amaiyesa chaka, koma ndi chizindikiro chabe.

Le Grelot, kutanthauza kabelu, chinali chizindikiro cha P. Hospital wa ku Thiers komweko, ndipo kabeluko kamadindidwa pakhosi. Osonkhanitsa amawakonda malumo amenewa, ndipo ife tikugwirizana nawo, chifukwa kagobedwe kake n'kosamala ndipo amanoleka bwino. Koma zizindikiro za osula zinkagulitsidwa ngati katundu wina aliyense. Le Grelot anadzakhala m'manja mwa Thiers-Issard, moti alipo malumo atsopano okhala ndi dzina lomweli. Ngati mukufuna lakale, funani dzina la P. Hospital pakhosi, kenako muone ngati chogwirira ndi timisomali zikuvomereza ukalewo.

Funso: Wogulitsa akuti lumo lake ndi la nthawi ya Napoleon. Ndi lopyapyala, mchira wake ndi wautali wokhota, ndipo pali mawu oti Breveté S.G.D.G. Ndimukhulupirire?

Yankho: Musamukhulupirire. Zilembo S.G.D.G. zikuimira sans garantie du gouvernement, kutanthauza kuti boma linalembetsa luso la wopangayo koma silikulonjeza kuti chinthucho n'chabwino. Mawuwa anabwera ndi lamulo la mu 1844 ndipo anagwira ntchito mpaka 1968. Napoleon woyamba anamwalira mu 1821. Ngati wogulitsayo akunena Napoleon III, amene anali mfumu kuyambira 1852 mpaka 1870, chidindocho sichikutsutsa, koma kupyapyala kwa lumolo kukukayikitsa.

Thupi la lumo limaulula zaka kuposa zolemba. Malumo a m'ma 1700 ndi koyambirira kwa m'ma 1800 ndi onenepa. Mukawayang'ana chakunsonga amaoneka ngati mphero ya nkhwangwa, osagobedwa m'mbali kapena ogobedwa pang'ono kwambiri. Khosi ndi mbali yometera zimangolumikizana popanda malire ooneka, mchira ndi kachitsa kakafupi, chogwirira ndi chowongoka ndipo kawirikawiri ndi cha nyanga kapena fupa. M'kupita kwa zaka za m'ma 1800 mchira unatalika n'kukhota, khosi linapatukana ndi mbali yometera, chogwirira chinayamba kupindika. Malumo opyapyala olira aja anafala chakumapeto kwa zaka zimenezo ndi m'ma 1900.

Zothandiza zina ndi izi. Kuyambira 1891 dziko la America linkafuna kuti katundu wolowa kumeneko azilembedwa dziko lochokera, choncho liwu loti France pakhosi nthawi zambiri likuloza zaka za pambuyo pake. Kusowa kwa liwulo sikunena kanthu, poti lumo logulitsidwa m'dziko momwemo silinkafunika kulembedwa choncho. Chaka cholembedwa pambali pa mendulo, monga Médaille d'Or Paris 1931, ndi chaka chimene kampani inapata mphotho, ndipo inkapitiriza kuchilemba zaka zambiri. Lumo lotere silingakhale lakale kuposa 1931, koma likhoza kukhala laposachedwa kwambiri. Chogwirira cha seluloidi, pulasitiki wakale, sichingakhale cha kale kuposa zaka za m'ma 1870, ngakhale muzikumbukira kuti zogwirira zinkasinthidwa zikathyoka.

Funso: Ndinasunga malumo 6 m'bokosi limodzi, onse opakidwa mafuta. Nditatsegula patapita miyezi ndinapeza limodzi lachita dzimbiri mbali yokhayo imene imalowa m'chogwirira, msana uli mbee. Awiri oyandikana nalo ayambanso madontho. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Lichotseni m'bokosimo lero lomwe, musadikire mawa. Chimene mwafotokozachi ndi kuola kwa seluloidi, ndipo palibe chimawononga malumo osonkhanitsidwa mofulumira kuposa chimenechi.

Seluloidi ndi pulasitiki wakale wopangidwa ndi nitrocellulose ndi camphor. Akakalamba, makamaka pamalo otentha, achinyontho ndi otsekeka, amayamba kusweka m'kati n'kumatulutsa mpweya umene ukakumana ndi chinyontho umasanduka asidi. N'chifukwa chake dzimbiri lagwira pokhapo pamene chitsulo chimayang'anizana ndi chogwirira, ndipo malire ake akutsata m'mphepete mwa chogwiriracho ngati munthu anachita kulemba mzere. Mafuta satchinga mpweya umenewu. Bokosi lotseka limangousunga kuti ufikire malumo ena.

Nunkhizani chogwiriracho. Fungo lowawasa loswa mphuno ndi chizindikiro. Onaninso ngati chafota, chapindika, chachita timing'alu tam'kati ngati shuga wonyowa, kapena ngati timisomali tamkuwa tabiriwira. Zogwirira zoonekera kuwala zija, zamawangamawanga zotsanzira chigoba cha kamba, ndizo zimakonda kuyamba.

Mankhwala ake palibe, chogwiriracho chiyenera kuchoka. Matani tepi mozungulira msomali wa pakhosi, palani mutu wake ndi tupa laling'ono mpaka uphwathalale, kenako muukankhe ndi kachitsulo kosongoka. Chogwiriracho chijambuleni, mulembenso maonekedwe ake papepala kuti adzakupangireni chofanana nacho, kenako muchitaye kutali ndi moto, chifukwa seluloidi amayaka mwaukali. Tsukani chitsulo ndi madzi osungunuliramo soda pang'ono kuti asidi athe mphamvu, tsukuluzani, umitsani bwinobwino, pakani mafuta. Awiri enawo achitireni chimodzimodzi, koma zogwirira zawo musachotse ngati zilibe vuto. Muziwayang'ana sabata iliyonse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kuyambira pano malumo a zogwirira za seluloidi azikhala paokha, pamalo ozizira podutsa mpweya.

Funso: Ndingadziwe bwanji ngati chogwirira choyera ndi mnyanga wa njovu kapena fupa? Mnzanga akuti nditenthe singano ndibaye.

Yankho: Za singanozo zisiyeni, mayi. Ngati ndi seluloidi chikhoza kuyaka m'manja mwanu, ndipo ngati ndi mnyanga mwaboola chinthu chosabwezereka. Galasi lokulitsa likukwanirani. Fupa lili ndi timadontho ndi timizere takuda tatifupi, mmene munkadutsa timitsempha. Mnyanga ulibe timabowo, ndi wosalala, mizere yake ndi yosalongosoka, ndipo pamene unadulidwa chopingasa pamaoneka timizere topingasana ngati ukonde. Zogwirira za mnyanga zimakhala zopyapyala kwambiri, ndipo kawirikawiri msomali wake umakhala wopanda mawashala. Seluloidi wotsanzira mnyanga ali ndi mizere yowongoka yotalikirana mofanana, ndipo mukamukhula ndi chala mpaka atenthe amanunkha camphor. Amene amalankhula Chingerezi amamutcha French ivory, dzina limene lasocheretsa ogula ambiri. Palinso galalith, pulasitiki wopangidwa kuchokera ku mkaka, amene ankagwiritsidwa ntchito kwambiri ku France koyambirira kwa m'ma 1900.

Chikapezeka kuti ndi mnyanga weniweni, nkhani yasanduka ya malamulo. Pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zam'tchire, lotchedwa CITES, linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989. France inakhwimitsa malamulo ake mu 2016, ndipo European Union inawonjezera mu 2022, moti pa zinthu ngati zogwirira za malumo, zosemedwa chisanafike chaka cha 1947 ndizo zingagulitsidwe, nazonso ndi chikalata. Chigoba cha kamba wam'nyanja chilinso pansi pa CITES. Lumo lotere musaliwolotse malire popanda mapepala. Ife timalangiza oyamba kumene kuti angozipewa.

Funso: Nsonga ya lumo langa ndi yokhota mopendekeka, imene amati French point. Umenewu si umboni woti ndi la ku France?

Yankho: Si umboni. Limeneli ndi dzina la kadulidwe ka nsonga, ndipo osula a ku Solingen ndi Sheffield ankadulanso choncho. Malumo ambiri a ku Thiers ali ndi nsonga yobulungira.

Funso: Ndikupita ku Saint-Ouen, kumsika wa zinthu zakale wa ku Paris. Ndiziyang'ana chiyani ndisanatulutse ma euro anga?

Yankho: Nyamulani tochi, galasi lokulitsa ndi karula ka mamilimita. Dzina muliwerenge pomaliza. Yambani ndi kothwa.

Mng'alu uliwonse wochokera kothwa kukwera m'mwamba, ngakhale wochepa ngati tsitsi, ndiye kuti lumolo latha. Pa lumo lopyapyala mng'alu umayenda mukamanola. Kubenthuka kosakwana theka la milimita kumachoka pamwala, koma kopitirira milimita imodzi kudzadya chitsulo chambiri. Dzimbiri la pamsana kapena pakhosi lisakuopseni. Loopsa ndi limene lakumba timaenje takuda pafupi ndi kothwa, chifukwa mukanola mumangopeza dzenje lina pansi pa linzake, ndipo kothwako kumangoyoyoka.

Kenako onani msana. Lumo limanoledwa litagona pamwala, msana ndi kothwa zikukhudza pamodzi, choncho kunola kulikonse kumasiya kamzere kophwathalala m'mbali mwa msana. Kamzere kopyapyala kofanana kuyambira kukhosi mpaka kunsonga n'kabwino. Kakatambalala kufika mamilimita 2 kapena 3, kapena kakakula mbali imodzi, lumolo linanoledwa mopitirira kapena ndi lopindika. Penyani kothwa molunjika kuwala. Kukakhala kowongoka kapena kotukuka pang'ono pakati, zili bwino. Kukalowa m'kati pakatikati, lumo lotere Afalansa ndi ena onse amalikana, chifukwa malo olowawo safika pamwala.

Yezani m'lifupi kuyambira pamsana mpaka kothwa. Malumo amawerengedwa m'magawo 8 a inchi: 4/8 ndi pafupifupi mamilimita 13, 5/8 ndi 16, 6/8 ndi 19, 7/8 ndi 22. Muyezowu umagwirizana ndi kunenepa kwa msana, kumene kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka a m'lifupi. Lumo la mamilimita 16 lokhala ndi msana wa mamilimita 4.5 limanoleka pa madigiri 16 kapena kuyandikira pamenepo. Mukapeza msana wonenepa pa lumo lowonda, dziwani kuti linali lalikulu ndipo linadyeka, moti silingametenso mofewa.

Litsekeni pang'onopang'ono muone ngati likulowa pakati osagunda chogwirira. Pa chogwirira cha nyanga yang'anani timabowo ta tizilombo ndi malo amene nyanga yayamba kusendeka. Mitu ya timisomali yophwanyidwa mwachisawawa ikuuzani kuti wina anasinthapo chogwirira.

Limene timaliopa kwambiri ndi lumo lakale lonyezimira ngati kalilole, zilembo za pakhosi zitafafanizika m'mbali, ngodya zonse zitabulungira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lotere linapukutidwa pamakina, ndipo makina akatenthetsa kothwa kopyapyala chitsulo chimafewa osabwereranso. Kamtundu kabuluu kapena kachikasu m'mphepete ndi chipsera cha kutenthako. Bola kugula lakuda ndi ukalamba koma losakhudzidwa. Pobwerera, malumo muwaike m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, chifukwa m'chikwama cham'manja adzakulandani.

Funso: Ndapeza Le Grelot wa 6/8 wopanda mng'alu, ali ndi dzimbiri pang'ono ndi zolemba zagolide. Ndikufuna kumetera. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi kuteteza golideyo. Ndi wopyapyala kwambiri moti polishi wa zitsulo amamuchotsa m'kamphindi, choncho pamenepo pukutani ndi kansalu kofewa ka mafuta basi. Dzimbiri lofiira la pamsana ndi pakhosi lichotseni ndi waya wopukutira wosalala kwambiri, wa 0000, wonyowetsedwa ndi mafuta. Likakanika, tengani sandipepa wa 600, kenako 1000, 1500 ndi 2000 (nambala ikamakula ndiye kuti n'ngosalala kwambiri, chimodzimodzinso miyala yonolera), osadumpha, ndipo musachoke pa nambala ina mikwingwirima ya yapitayo isanathe. Gonekani lumo pathabwa kuti kothwa kukhudze thabwalo, zala zikhale kumsana. Madontho akuda osakumbika asiyeni, savulaza kanthu. Chogwirira cha nyanga chouma chipakeni mafuta a neatsfoot, aja ofewetsera zikopa, chigone nawo tsiku limodzi kapena awiri. Msomali ukakhala wokhwepa, ikani mutu wake umodzi pachitsulo, mugogode mutu winawo pang'onopang'ono ndi kahamala kakang'ono, mukuyesa kutsegula mukagogoda katatu kapena kanayi. Kumenya mwamphamvu kumapinda msomali m'kati n'kung'amba chogwirira.

Ponola, matani tepi imodzi ya magetsi pamsana kuti usadyeke, ndipo muziisintha ikaperepeseka. Ntchito yaikulu ili pamwala wa 1000. Gonekani lumo, kothwa kutsogole, mukoke mopingasa kuti kuyambira kukhosi mpaka kunsonga kudutse pamwala, mutembenuzire pamsana, mubwerere. Musachoke pamwalawu mpaka lumo litameta ubweya wa pamkono paliponse m'litali mwake. Ambiri amalakwa pomwepa: amathamangira miyala yosalala mbali ziwiri za kothwa zisanakumane, n'kumadabwa kuti lumo lonyezimira likukoka ndevu. Mukatero pitani pa 3000 kapena 4000, kenako 8000, mumalize pa 12000, mukuchepetsa mphamvu mpaka kutsale kulemera kwa lumo lokha. Ometa akale a ku France ankakonda coticule, mwala wachikasu wa ku Vielsalm m'dziko la Belgium, umene umadya msanga mukaupangira phala lake ndi madzi, n'kumasalaza mofatsa mukamathira madzi okha. Lumo lopyapyala musalikanikize, limapindika ndipo m'mphepete mwenimweni mumanyamuka pamwala.

Palamba wachikopa zimatembenuka: msana ndiwo umatsogola, lamba ali wokokedwa, maulendo 40 mpaka 60 musanamete. Musanaliike pankhope koyamba, tsukani chitsulo ndi sopo, muchipukute ndi spiriti wa 70 peresenti, osakhudza chogwirira poti spiriti amawononga seluloidi. Musaliwiritse, ndipo bulichi asayandikire. Mukameta pukutani, mulisiye lotsegula liume, ndipo lisagone kubafa.

Funso: Ndaona bokosi la malumo olembedwa masiku pamsana, koma la Jeudi (Lachinayi) likusowa ndipo la Samedi (Loweruka) chogwirira chake n'chosiyana. Ndigule?

Yankho: Limenelo ndi semainier, malumo 7 ofanana, lililonse ndi tsiku lake: Lundi, Mardi, Mercredi, Jeudi, Vendredi, Samedi ndi Dimanche. Mtengo wake umakwera chifukwa chokwanira, ndipo kupeza Jeudi wa wosula yemweyo, muyezo womwewo ndi kalembedwe komweko n'kovuta zedi. Choncho musalipire mtengo wa bokosi lathunthu. Werengerani ngati malumo 6 apaokha.

Atulutseni onse muwandandalike. Zidindo za pakhosi zifanane, zilembo za masiku zikhale za dzanja limodzi, ndipo muyeze m'lifupi mwa lililonse, chifukwa eni ake ambiri ankakonda awiri kapena atatu n'kumawanola kuposa ena. La Samedi liyang'anitsitseni pakhosi. Chidindo chikafanana ndi anzake, ndiye kuti anangosintha chogwirira, ndipo wodziwa ntchito angakupangireni china cha mtundu woyenera. Chikasiyana, ndi lumo lachilendo limene wina analowetsamo kuti atseke mpata, ndipo muli ndi 5 okha a m'bokosimo. Nunkhizaninso m'bokosimo ndi kuona nsalu yam'kati, poti chogwirira chimodzi cha seluloidi chikayamba kuola m'bokosi lotseka chotere, onse amakhala atalawako asidi.